Kuonetsa ana mizere ndi mitundu imene palibe papepala

Maso abwinobwino amaona zinthu zina zomwe palibe, ndipo amatero tsiku lililonse. Si matenda, si matsenga, ndi mmene kuona kumayendera. Mukhoza kutsimikiza nokha patebulo la kwanu, kaya mumakhala ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mabvuku muno mu Harare, bola pakhale pepala, sizasi ndi ana achidwi. Chimene ndikupempha n'chakuti zithunzi zake muzipange ndi manja. Pa intaneti zilipo zambirimbiri, koma mwana akaziona pafoni amangoti ndi zamakompyuta, wina wake wazikonza kuti amupusitse. Akadula yekha pepala, n'kuliyala yekha, kenako n'kuona mzere umene akudziwa kuti sanaujambule, funso lomwe amafunsa limachokera pansi pamtima, ndipo saliiwala msanga.

Sonkhanitsani mapepala oyera opanda mizere, katoni yopyapyala ya bokosi la tiyi kapena la sopo, maka yakuda, bolopeni yakuda ndi yofiira, machekeni kapena mapensulo amitundu, rula, sizasi, ndi kapu yaing'ono yoti muzizungulizira pojambula mabwalo. Ntchitoyi igwireni masana pafupi ndi zenera kapena pakhonde pamthunzi. Padzuwa pepala loyera limathobwa m'maso, ndipo mitundu yofooka imene tikuifunayi imabisala.

Makona atatu opanda mizere

Yambani ndi ichi chifukwa sichikanika. Pa katoni jambulani chinthu cha makona atatu chimene mbali zake zonse n'zofanana, masentimita 9 mbali iliyonse, n'kuchidula. Imeneyi ndi patani chabe, siikhala pachithunzi. Kenako detsani pepala lina ndi maka mpaka lide bii, ndipo mudulepo mabwalo atatu, lililonse lotambalala masentimita 5.

Tengani bwalo limodzi, ikani kona ya patani ija pakatikati penipeni pake, lembani m'mbali mwa konayo ndi pensulo, ndipo mudule kachigawo kamene konayo inaphimba. Bwalolo latsala loyasamula kukamwa. Ena awiri aja muwachite chimodzimodzi. Tsopano yalani patani papepala loyera, lowetsani kona iliyonse m'kamwa mwa bwalo lake kuti zigwirane bwino, panikizani mabwalowo ndi zala, wina anyamule patani ija mosamala. Musamate ndi guluu, mabwalowa tifuna tiziwasuntha.

Imirirani, muyang'ane chapatali pang'ono. Patani mwachotsa, koma makona atatu aja alipobe. Mbali zake zikuoneka zowongoka kuchokera pabwalo lina kukafika pa linzake, ndipo m'kati mwake mukuyera mbee kuposa pepala lonselo, ngakhale kuti pepalalo ndi limodzi lomwelo. Apa mwana amakonda kunena kuti, "Agogo, mwasiya kapepala kena pamwambapo." Musamutsutse ndi pakamwa. Muuzeni ayendetse chala pamene akuona mzerepo, amve yekha kuti palibe chotumphuka. Akatero aphimbe mabwalo awiri ndi manja ake n'kuyang'ana pakati. Mzere uja uli zii. Achotse manja, wabwerera.

Pali zina ziwiri zoti muyese musanapitirire, ndipo phindu la kusamata lija lili pamenepa. Tembenuzani bwalo limodzi pang'ono chabe kuti kukamwa kwake kuloze kumbali. Mizere iwiri yochokera pabwalolo imapindika kapena kutha kumene. Ndiye libwezereni, muyambe kutalikitsa mabwalo onse atatu pang'onopang'ono, kukamwa kukuyang'anizanabe. Mizere imafooka mpaka imafika posaoneka. Aloleni ana apeze okha pamene ikuthera, ayeze ndi rula. Aona kuti maso amavomera kulumikiza mpata pokhapokha ngati mbali yooneka yeniyeni ndi yokwanira poyerekeza ndi mpatawo.

Chithunzichi chimadziwika ndi dzina la Gaetano Kanizsa, katswiri wa zamaganizo wa ku Trieste m'dziko la Italy, amene anachifalitsa mu 1955, ngakhale kuti Friedrich Schumann wa ku Germany anali atafotokoza kale za mizere yotereyi mu 1900. Chifukwa chake n'ichi. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kotchedwa retina, komwe kuli maselo olandira kuwala pafupifupi 100 miliyoni. Koma mtsempha wonyamula uthenga kuchoka m'diso kupita ku ubongo uli ndi timinyewa tongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Diso silingatumize kadontho kalikonse pakokha. Chimene limasamala kwambiri ndi malire, pamene kuda kukuthera ndi kuyera kukuyambira. Zotsalazo ubongo umamalizitsa wokha, monga mmisiri womanga amene akaona zikhomo pamakona a maziko amadziwiratu pamene khoma lidzadutse, njerwa isanaikidwe ndi imodzi yomwe.

Akatswiri a zaubongo David Hubel ndi Torsten Wiesel, ku America, anapeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti mu ubongo wa mphaka muli maselo amene amadzuka pokhapokha mzere ukadutsa mopendekera mwakutimwakuti, ena mzere woima, ena wogona. Ntchito imeneyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1981. Mu 1984, Rüdiger von der Heydt, Esther Peterhans ndi Günter Baumgartner ku Zurich anaonetsa kuti m'chigawo cha ubongo wa anyani chotchedwa V2, maselo ena amadzuka ndi mzere wongoonekawu ngati mmene amadzukira ndi mzere wojambulidwa. Choncho mwana akamati akuona mzere, sakunama ndipo sakungoganizira. M'mutu mwake mzerewo walembedwadi.

Ndipo ubongo sukulakwitsa potero. Taganizani: n'chapafupi chiti, kuti mabwalo atatu alumidwe mofanana ndendende ndipo kukamwa kwawo kuyang'anizane mwangozi, kapena kuti chinthu chimodzi choyera chawaphimba onse? M'moyo weniweni yankho lachiwirilo ndi limene limakhala loona pafupifupi nthawi zonse. Mayi wa Chigwirizano wovala bulauzi yoyera akaima pakhoma loyera la tchalitchi, pali malo ena pamene kuyera kwa nsalu ndi kwa laimu kumafanana, malire n'kusowa. Komabe simuona mayi wopanda phewa. Luso lomwe lakuonetsani makona atatu aja ndi limene lamusokerera phewalo.

Bwalo lowala, kenako mtundu wotayikira

Ichi n'chachangu. Lembani kadontho kofooka ka pensulo pakati papepala. Ndi rula ndi bolopeni yakuda jambulani mizere 8 yoloza pakadonthopo kuchokera mbali zonse, koma uliwonse uthere sentimita imodzi usanafike pakati. Fufutani kadontho kaja. Pakatipo paoneka bwalo lowala kuposa pepala, lozungulira bwino lomwe. Walter Ehrenstein wa ku Germany anafotokoza zimenezi mu 1941. Chodabwitsa chake n'chakuti mukajambuladi bwalolo ndi bolopeni, kulumikiza mapeto a mizere ija, kuwala kuja kumazima. Jambulani ziwiri moyandikana, china mulizungulize china ayi, ana afananize.

Tsopano tilowetsepo mtundu. Papepala latsopano jambulani mizere yakuda yopyapyala, yoima ndi yogona, yotalikirana masentimita awiri, kuti ipange timabokosi. Koma pamphambano iliyonse, pamene mizere iwiri ikanadutsana, siyani mpata wa theka la sentimita mbali zonse zinayi. Mipata imeneyo muimalize ndi bolopeni yofiira, kuti pamphambano iliyonse pakhale kamtanda kofiira kolumikizana bwinobwino ndi mizere yakuda. Apa pafunika dzanja lodekha. Kamtanda kakaphonya mzere wakuda, kapena kakanenepa kuposa mzerewo, palibe chimene muone. Mukamaliza khomani pepalalo pachitseko, mubwerere m'mbuyo masitepe awiri kapena atatu. Pamphambano iliyonse pakhala kabwalo kofiirira, ngati inki yatayikira papepala, pomwe pepalalo mukalisuzumira pafupi ndi loyera. Dario Varin wa ku Italy analemba za mtundu wotayikirawu mu 1971, ndipo Harrie van Tuijl wa ku Netherlands anaufufuzanso mu 1975.

Pali ana ena amene sauona msanga. Musawakakamize kuvomera, komanso musawauziretu mtundu woti aone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asinthe mtunda, atsinzine pang'ono, ayang'ane pambali pa kamtandako m'malo moyang'ana pakati pake penipeni.

Mapu odzipaka okha

Mwa zonsezi, ichi ndi chimene ine ndimachikonda, chifukwa mtundu wake umafalikira malo aakulu ndipo chimapatsa mpata wojambula dziko la makolo. Jambulani malire a Malawi ndi pensulo yapepo yakuda ndithu, kuchokera ku Chitipa kutsika mpaka ku Nsanje n'kubwereranso. Musawongole mzere, uzikhotakhota timakhota ting'onoting'ono, chifukwa mzere wokhotakhota umagwira bwino kuposa wowongoka. M'kati mwa mzere wapepowo, mougunda ndithu osasiya mpata, tsatirani ndi mzere wina wopyapyala wa olenji wowala. M'katimo musapakemo kanthu. Ikani pepala patali pang'ono. Dziko lonse lioneka lopakidwa olenji wosungunuka, wosiyana ndi kuyera kwa kunja kwa malire. Jambulaninso lina, koma ulendo uno olenji akhale kunja, wapepo m'kati. Mtundu uja usamukira kunja, dziko n'kutsala loyera. Amene anaonetsa zimenezi ndi Baingio Pinna wa ku Italy mu 1987, koma ojambula mapu akalekale ankapaka kale timizere tamitundu m'mphepete mwa malire a mayiko, ndipo mayikowo ankaoneka osiyana popanda kuthera utoto wambiri. Apa mukuona poyera mmene ubongo umachitira ndi mtundu: umawerenga wa m'malire, n'kuumwaza m'kati monse.

Dzenje limene lili m'diso lililonse

Papepala loyera lembani kamtanda kumanzere ndi dontho lakuda lalikulu ngati nyemba kumanja, zitalikirane masentimita 10. Tsekani diso lakumanzere ndi dzanja. Ndi diso lakumanja yang'anani kamtandako dwii, osasuntha. Pepala liyambire patali mkono wonse, muzilibweretsa kumaso pang'onopang'ono. Likafika cha pa masentimita 35 kapena 40 kuchokera kumaso, dontho lija lisowa. Mukapitiriza kulibweretsa, libwerera. Vuto la ana ambiri n'kuba, diso limathawira kudontho kuti akaone ngati lasowadi. Auzeni aziwerenga mokweza akuyang'ana kamtanda, zimathandiza.

Pamalo pamene mtsempha umatulukira m'diso palibe maselo olandira kuwala, choncho chilichonse chogwera pamenepo sichioneka. Edme Mariotte, wansembe wa ku France, ndi amene anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1660. Koma funsani mwana kuti pamene dontho lasowapo akuonapo chiyani. Sanena kuti dzenje lakuda. Anena kuti pepala. Bwerezani papepala lachikasu, aona chikasu. Jambulani mzere wautali wodutsa padonthopo, wodukira mbali zonse ziwiri za dontho, ndipo dontho likasowa mzerewo uoneka wathunthu.

Pano ndikufuna ndilankhule ndi akuluakulu, chifukwa luso lomweli lili ndi kuipa kwake. Matenda a glaucoma amawononga mtsempha wa diso pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu, ndipo nthawi zambiri amayambira m'mbali. Ubongo umatseka mipata imene ikubwerayo monga mmene watsekera dontho lija, diso linalo n'kumathandiziranso, ndiye munthu amakhala zaka akuti akuona bwino pamene mbali ina yapita kale, ndipo yapitayo siibwerera. Matendawa amagwira kwambiri anthu akuda, makamaka opitirira zaka 40 ndi amene kubanja kwawo alipo anadwalapo. Ngati muli m'gulu limeneli, kapena muli ndi shuga, kayezetseni maso ngakhale musakumva chilichonse. Kuno ku Harare kuli chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi pa Parirenyatwa, ndipo oyeza maso alipo ambiri m'tauni. Mukaona kung'anima ngati mphezi m'diso limodzi, tinthu takuda tambiri toyandama tobwera mwadzidzidzi, kapena mthunzi wotsika ngati katani, zimenezo si masewera athuwa. Pitani tsiku lomwelo.

Nsalu imodzi, mitundu iwiri

Atelala ndi ogulitsa zitenje izi amazidziwa kale ndi manja awo, ngakhale sanazione m'buku. Pezani pepala kapena kansalu kotuwa, kopanda maluwa, mudulepo tizidutswa tinayi tofanana, masentimita atatu mbali iliyonse. Mwana adule yekha, kuti asadzakayike kuti tachokera pamalo amodzi. Kamodzi ikani pansalu yakuda, kena payoyera, kena payachikasu, kotsalako payabuluu. Ka pakuda kaoneka kowala, ka poyera kaoneka koderapo. Ka pachikasu katenga kabuluu, ka pabuluu katenga kachikasu. Ngati kusiyanako sikukuoneka bwino, phimbani zonse ndi tishu imodzi yopyapyala, mtundu wobwerekawo uwonjezeka. Pomaliza tengani tizidutswa tonse tinayi n'kutigundanitsa pamodzi patebulo. Tafanananso.

Nkhani imeneyi inavutitsapo anthu a ntchito. Mu 1824 Michel Eugène Chevreul, katswiri wa zamankhwala, anaikidwa kuyang'anira zonyika ulusi pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris. Kunali madandaulo akuti ulusi wakuda wonyikidwa kumeneko sukuda mokwanira. Iye ataufufuza anapeza kuti utoto ulibe vuto. Ulusiwo unkasintha maonekedwe chifukwa cha mitundu yoyandikana nayo, makamaka yabuluu ndi yapepo. Mu 1839 anatulutsa buku lofotokoza lamulo lake, lakuti mitundu iwiri ikagundana, maso amakulitsa kusiyana kwake, uliwonse n'kukankhira unzake ku mtundu wotsutsana nawo. Mu retina maselo oyandikana amaponderezana: limene lalandira kuwala kwambiri limachepetsa mphamvu ya anzake apafupi. N'chifukwa chake diso limadziwa bwino kusiyana kwa zinthu ziwiri zogundana, koma silikhoza kuyeza mtundu uli pawokha.

Phunziro lake pogula zinthu ndi losavuta, koma anthu timaliphwanya kawirikawiri. Mukamafuna ulusi, zipi kapena mpango woti ugwirizane ndi chitenje, nyamulani chitenjecho kapena kachidutswa kake, mukagundanitse pomwepo. Mtundu wosunga m'mutu umanamiza. Mukamasankha malaya pa kaunjika ku Mbare pansi pa pulasitiki yabuluu, tulukani nawo panja pamthunzi musanalipire. Mukamasankha penti, musadalire kakhadi kakang'ono ka m'sitolo. Pakani chigamba chachikulu pakhoma lenilenilo, muchione m'mawa, masana ndi madzulo, pafupi ndi chitseko ndi makatani amene chidzakhale nawo.

Usiku pali china cha mtundu womwewu. Tengani matochi awiri a foni. Ina iphimbeni ndi pulasitiki yofiira yoonekera, inayo isiyeni yoyera. Imikani botolo patsogolo pa pepala loyera, muunike ndi matochi onse awiri, ina chakumanja ina chakumanzere, kuti pagwe zithunzithunzi ziwiri. Chimodzi chikhala chofiira, zimenezo n'zomveka. Chinacho chioneka chobiriwira mopita kubuluu, pomwe m'chipindamo mulibe nyale yobiriwira. Pamalo amenewo pakugwa kuwala koyera kokhakokha, koma poti ponse pozungulira pafiirira, maso akuwerenga kuyerako ngati kubiriwira. Zimitsani tochi yofiira ija, kubiriwira kutha nthawi yomweyo.

Mbendera yotuluka pakhoma

Jambulani mbendera ya Malawi, koma ndi mitundu yotsutsana nayo. Mzere wapamwamba, umene umakhala wakuda, usiyeni woyera. Wapakati, m'malo mwa kufiira, pakani buluu wowala wopita kobiriwira, ndipo dzuwa lotuluka lija mulipake mtundu womwewo. Wapansi, m'malo mwa kubiriwira, pakani pinki wokhwima wopita kupepo. Pakani mokhathamiritsa. Idulireni m'mbali, muimate pa katoni yakuda, ndipo pakatikati pake mulembe kadontho. Pambali yalani pepala loyera lokhala ndi kadontho kakenso.

Mwana ayang'ane kadontho ka pambendera masekondi 30, maso osayendayenda. Kuphethira n'kololedwa, kusuntha ayi. Inu muziwerenga. Mukafika 30 asamutsire maso pakadontho ka pepala loyera, adikire kamphindi. Mbendera itulukira ndi mitundu yake yeniyeni, yofooka koma yodziwika: kuda pamwamba ndi dzuwa lofiira, kufiira pakati, kubiriwira pansi. Ikayamba kuzilala aphethire, ibwerera pang'ono. Akabwereza ayang'ane khoma lakutali m'malo mwa pepala, aona kuti mbendera yakula kwambiri. Chithunzi cha m'diso sichinakule, koma ubongo ukuwerengera mtunda wa khomalo.

Maselo oona mitundu, otchedwa cones, alipo a magulu atatu, ndipo gulu lililonse limamva kwambiri mbali yake ya kuwala. Mukayang'ana mtundu umodzi nthawi yaitali, maselo ndi minyewa yonyamula mtunduwo zimazolowera, mphamvu yake n'kutsika. Mukatembenukira kuchoyera, chomwe chili ndi mitundu yonse pamodzi, zosatopazo zimapambana kwa kanthawi, ndipo mumaona mtundu wotsutsana nawo. Ewald Hering wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1870, ndi amene ananena kuti maso amaika mitundu iwiriiwiri yokokana: kufiira ndi kubiriwira, buluu ndi chikasu, kuda ndi kuyera. N'chifukwa chake mungathe kuona kufiira kopita kuchikasu, koma kufiira kopita kobiriwira simunakuonepo. Mu Okutobala, maluwa a jakaranda akayoyoka m'misewu ya ku Avenues, imani ndi mwana muyang'ane pansi papepo paja theka la mphindi, kenako khoma loyera. Muona chikasu chopita kobiriwira.

Chenjezo limodzi lisaphonye: masewera amenewa asachitike ndi dzuwa, ndi moto wa owotcherera zitsulo, kapena ndi nyale yowala kwambiri. Ana amafuna kuyesa zokulirapo, ndipo dzuwa limawotcha retina popanda kupweteka. Komanso mukaona kuti mwana, makamaka wamwamuna, akusokoneza chekeni chofiira ndi chobiriwira nthawi ndi nthawi, musamukalipire kuti ndi wosasamala. Pali anthu obadwa choncho, ndipo aphunzitsi ake ayenera kudziwa.

Nguli yakuda ndi yoyera

Ichi chisungireni komaliza chifukwa ana akachigwira sachisiya. Dulani bwalo la katoni lotambalala masentimita 12, mulimate pepala loyera. Ligaweni pakati ndi rula, theka limodzi mulidetse bii ndi maka. Theka loyeralo ligaweni ndi pensulo yofooka m'zigawo zinayi zofanana, mizere yake yochokera pakati. M'chigawo choyamba jambulani timizere titatu takuda topyapyala, tokhota motsatira kuzungulira kwa bwalolo, kufupi ndi m'mphepete. M'chachiwiri jambulani titatu tina, koma tolowerako m'kati. M'chachitatu tilowenso, ndipo m'chachinayi tikhale kufupi ndi pakati. Timizere ta chigawo china tisapitirire m'chigawo chinzake. Kuti tikhote bwino gwiritsani ntchito kampasi ya m'bokosi la masamu, kapena ulusi womangirira kumsomali. Fufutani mizere ya pensulo ija.

Boolani pakatikati penipeni, mulowetse kapensulo kakafupi, nsonga pansi, katulukire sentimita imodzi kapena iwiri. Ngati kakugwedera kulungani selotepu. Nguli yatheka, izungulitseni patebulo losalala pamalo owala. Ikamathamanga kwambiri muona kutuwa kokha, choncho dikirani iyambe kufooka. Pamenepo timizere takuda tija tisanduka mabwalo amitundu yofooka, lina lofiirira, lina lobiriwirira, lina labuluu. Izungulitseni chobwerera, mitunduyo isinthana malo, wa kunja upita m'kati.

Gustav Fechner wa ku Germany anaona mitundu yotereyi mu 1838, ndipo Charles Benham wa ku England anapanga nguli imeneyi mu 1894 n'kumaigulitsa ngati choseweretsa. Akatswiri ambiri amati gwero lake lili pa nthawi: njira zonyamula mitundu m'diso sizidzuka ndi kugona pa liwiro limodzi, ndiye kuda ndi kuyera zikamasinthana mofulumira, ina imatsalira m'mbuyo ndipo kuyerako kumapendekera ku mtundu wina. Mwana wodwala khunyu, kapena aliyense amene mutu umamupweteka ndi zong'animang'anima, asayang'ane nguliyi.

Popeza anthu saona mitundu yofanana ndendende panguli imeneyi, perekani kapepala kwa aliyense, ndi agogo omwe. Aliyense alembe mwakachetechete mtundu umene waona pabwalo lakunja, lachiwiri, lachitatu ndi lam'kati, asanamve za mnzake, kenako mufananize. Mukatero yesani panja pamthunzi ndi m'nyumba pansi pa babu, chifukwa mtundu wa kuwala umasinthanso zotsatira. Amene akufuna kupitiriza adule mabwalo ena, asinthe kutalika ndi kunenepa kwa timizere, ndipo kumbuyo kwa bwalo lililonse alembe zimene linatulutsa.